Asidi wanthambi wa mu njere za paini: n'chiyani, ndipo akusiyana bwanji ndi pinolenic?

Mafuta a njere za paini, makamaka ochokera ku Siberia, Korea ndi China, amatsatsidwa pa intaneti kuti ali ndi "ma fatty acid osowa". Ena pofotokoza amawonjezera kuti ma asidiwo ndi "anthambi", ndipo apa ndi pamene nkhani imasokonekera. Mu njere za mitengo imeneyi muli zinthu ziwiri zachilendo zosiyana kotheratu. Choyamba ndi asidi wanthambi weniweni, amene amapezeka pang'ono kwambiri, kawirikawiri osafika ngakhale 1 peresenti. Chachiwiri ndi gulu la ma asidi opanda nthambi, monga pinolenic, amene mu mitengo ina amapitirira 20 peresenti. Malonda akudalira gulu lachiwirili, pamene woyambayo amadziwika kwambiri ndi anthu a ku labotale ndi ophunzira za mibadwo ya mitengo.

Mmene mafuta anapangikira

Mafuta ophikira alionse, kaya a mtedza, soya kapena mpendadzuwa, ndi mamolekyulu otchedwa triglyceride. Molekyulu iliyonse ili ndi kachigawo kotchedwa glycerol, kamene kali ndi malo atatu, ndipo pa malo alionse pamagwira fatty acid mmodzi. Fatty acid ndi unyolo wa maatomu a kaboni okutidwa ndi haidrojeni, wokhala ndi mutu wa asidi mbali imodzi. Powerenga timayambira kumutuko: kaboni wa kumutu ndi nambala 1, ndipo nambala zimakwera mpaka kumchira.

Zomera zimamanga unyolowu powonjezera makaboni awiriawiri, n'chifukwa chake ma fatty acid ambiri a mu njere amakhala ndi makaboni 16 kapena 18, osati 15 kapena 17. Pena makaboni awiri oyandikana amagwirana kawiri m'malo mwa kamodzi. Kugwirana kotere ndi kumene kumatchedwa double bond. Akatswiri amalemba mwachidule ndi nambala ziwiri. Palmitic ndi 16:0, kutanthauza makaboni 16 opanda double bond. Oleic ndi 18:1, pamene linoleic ndi 18:2.

Maonekedwe a unyolo ndi amene amalamula ngati mafuta aume kapena akhale amadzimadzi. Taganizani za mtolo wa nkhuni. Nkhuni zowongoka zimathinana bwino, luzi n'kugwira zolimba. Mukaikamo zokhota kapena zamphanda, mtolo umakhala ndi mipata ndipo suchedwa kumasuka. Unyolo wopanda double bond ndi wowongoka, choncho stearic, amene ndi 18:0, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 69. Double bond imodzi imaukhotetsa, ndipo oleic amasungunuka pa madigiri 13 mpaka 14. Linoleic, wokhota pawiri, amakhalabe wamadzi mpaka kuzizira kutsike pansi pa ziro.

Nthambi ndiyo njira ina yomasulira mtolo uja popanda double bond.

Asidi mwiniwake

Dzina la asidi wanthambi uja ndi 14-methylhexadecanoic acid, ndipo m'mapepala a ku labotale amalembedwa anteiso-17:0. Unyolo wake waukulu uli ndi makaboni 16, koma pa kaboni wa nambala 14 pali kanthambi ka kaboni mmodzi, kotchedwa methyl. Onse pamodzi makaboni ndi 17. Kanthambi kakakhala pa kaboni wachiwiri kuchokera kumchira, asidiyo amatchedwa iso. Kakakhala pa wachitatu kuchokera kumchira, ndi anteiso.

Alibe double bond ngakhale imodzi, ndiye kuti ali m'gulu limodzi ndi palmitic ndi stearic. Maatomu ake ndi ofanana ndendende ndi a margaric acid, 17:0 wowongoka. Koma margaric amasungunuka pa madigiri pafupifupi 61, pamene wanthambiyu amasungunuka kutentha kusanafike madigiri 40. Kaboni mmodzi wongosunthidwa malo watsitsa ndi madigiri opitirira 20. Ubwino wina wa nthambi ndi wakuti siwonongeka ndi mpweya ngati double bond, imene okosijeni amailowerera mafuta n'kuyamba kununkha.

Kwawo kwenikweni ndi kwa mabakiteriya

Amene amagwiritsa ntchito kwambiri nzeru imeneyi ndi mabakiteriya. Mu Bacillus subtilis, mbali yaikulu ya ma fatty acid a mu kachikopa kokuta selo ndi anthambi. Listeria monocytogenes, kachilombo kamene kamatha kuswana ngakhale mu filiji, kamachulukitsa anteiso wa makaboni 15 kukazizira, kuti kachikopa kake kasaume.

Mmene amapangira zikudziwika bwino. Unyolo wamba umayamba ndi kachidutswa ka makaboni awiri. Bakiteriya amatha kuyamba ndi kachidutswa kochokera ku amino acid, timagawo tija timene timamanga mapuloteni. Akayamba ndi isoleucine, amapeza kachidutswa ka makaboni 5 kokhala kale ndi nthambi, kotchedwa 2-methylbutyryl. Akawonjezera awiriawiri kasanu ndi kamodzi, 5 kuphatikiza 12 ndi 17, ndipo kanthambi kamatsalira cha kumchira: ameneyo ndiye anteiso-17:0. Akayamba ndi leucine kapena valine, amatulutsa a mtundu wa iso.

Kuchoka kwa mabakiteriya, ma asidiwa amalowa mu nyama zobzikula. M'chifu cha ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa muli mabakiteriya osawerengeka, ndipo akagayidwa, mafuta awo amathera mu mkaka ndi mu nyama. Pafupifupi 2 peresenti ya mafuta a mkaka wa ng'ombe ndi anthambi. Fungo lija la nyama ya mbuzi ndi nkhosa limachokera, mwa zina, ku asidi wanthambi wamfupi wotchedwa 4-methyloctanoic. Mafuta a bweya wa nkhosa, lanolin, ali nawo ambiri, chimodzimodzinso zoyera zija zimene zimamata khungu la khanda likangobadwa.

Zomera nazo zimatha kupanga nthambi apa ndi apo. Capsaicin, chimene chimawawitsa tsabola, ali ndi mchira wanthambi wochokera ku valine, ndipo phula la pa masamba a fodya lili ndi maunyolo a iso ndi anteiso. Chosowa ndi kupeza asidi wotere mu mafuta osungidwa mu njere.

Zimene zinapezeka mu 1997

Mu 1997 magazini ya sayansi ya Lipids inasindikiza kafukufuku wa Robert Wolff wa ku yunivesite ya Bordeaux ku France, pamodzi ndi William Christie wa ku Scottish Crop Research Institute pafupi ndi Dundee ndi David Coakley. Iwo anatsimikiza kuti mu mafuta a njere za Pinus contorta, paini wa kumadzulo kwa North America, muli 14-methylhexadecanoic. Atafufuza mu mitengo ina, anamupeza mu mitundu 72 ya banja la paini lotchedwa Pinaceae, m'magulu a Pinus, Abies, Cedrus, Tsuga, Pseudotsuga, Larix ndi Picea. Kuchuluka kwake kunali pakati pa 0.02 ndi 1.15 peresenti ya ma fatty acid onse.

Chimene chinapatsa kafukufukuyu mphamvu ndi kumene asidiyu sanapezeke. Mu Taxus baccata, Juniperus communis ndi Sciadopitys verticillata, mitengo ya mabanja ena, munalibe, ngakhale atachulukitsa kakhumi gawo la ma asidi opanda double bond kuti kochepa kalikonse kaoneke. Kunja kwa Pinaceae, asidiyu anali atadziwika kale mu njere za Ginkgo biloba, mtengo wakalekale wa ku China. Amapezekanso mu masamba ndi mu thabwa la mitengo ya paini, osati mu njere zokha.

Ofufuzawo ananena poyera kuti njira imene mtengo umapangira asidiyu ndiponso ntchito yake zinali zisanadziwike. Ganizo lachidziwikire ndi lakuti umayambira pa isoleucine ngati mabakiteriya, popeza nthambi ili pa malo omwewo. Pa za ntchito yake, munthu angafulumire kunena kuti amateteza njere ku chisanu, koma 1 peresenti ndi yochepa kwambiri kuti isinthe kaumidwe ka mafuta amene mu mitundu yambiri ya paini ali kale ndi linoleic wopitirira 40 peresenti.

Kumuzindikira ku labotale, ndi pamene anthu amaphonya

Kuyeza chinthu chochepa chonchi kumafuna ukhondo kuposa makina odula. Ntchito imayamba ndi njere zokhwima, zopanda nkhungu. Njere zoola zimabwera ndi mabakiteriya awo, ndipo mabakiteriyawo ali ndi anteiso wawo. Thukuta ndi mafuta a m'manja nazonso zili ndi ma asidi anthambi, ndipo mafuta odzola okhala ndi lanolin ndiye oopsa kwambiri. Choncho magolovesi, magalasi otsukidwa ndi mankhwala osungunula mafuta, ndi botolo limodzi lopanda njere lodutsa njira yonse ngati mboni, n'zosakambirana. Chizindikiro chimodzi cha kuipitsidwa n'chakuti mabakiteriya ndi khungu zimabweretsa gulu lonse, iso ndi anteiso a makaboni 15 ndi 17 pamodzi. Mukaona gulu lonselo mu mafuta a njere, kayikirani ukhondo wanu kaye.

Njere zikaperedwa, mafuta amatulutsidwa ndi njira ya Folch ya mu 1957: magawo awiri a chloroform pa gawo limodzi la methanol, pafupifupi mamililita 20 pa galamu iliyonse ya njere. Kenaka amathiramo madzi a mchere okwana gawo limodzi mwa magawo asanu a zosakanizazo, n'kuzisiya zigawikane. Mafuta amakhala m'gawo la pansi. Poumitsa amagwiritsa ntchito mpweya wa nayitrojeni, chifukwa mpweya wamba umawononga ma double bond. Njere za Abies ndi Cedrus zili ndi vuto lakelake: khoko lake lili ndi timatumba ta utomoni, ndipo utomoniwo umasungunukira limodzi ndi mafuta. Ngati triglyceride sanapatulidwe kaye, zotsatira zimadzaza ndi zinthu zimene si ma fatty acid.

Chotsatira ndi kudula ma asidi kuwachotsa pa glycerol ndi kuwasandutsa ma methyl ester, amene amauluka mosavuta akatenthedwa. Njira yofala ndi sodium methoxide wa 0.5 M mu methanol, pa madigiri 50 kwa mphindi 10. Madzi akalowamo ngakhale pang'ono, m'malo mwa ester mumatuluka sopo. Njirayi sigwira ma asidi amene anaduka kale okha, choncho njere zakale zimafuna njira ya asidi, yothira asidi wamphamvu mu methanol m'malo mwa sodium methoxide.

Ma ester amalowetsedwa mu makina a gas chromatograph, mmene amadutsa mu kapaipi kowonda kwambiri kotalika mamita 30 mpaka 100, ndipo aliyense amatuluka pa nthawi yake. Pofuna kuti nthawizi ziyerekezeke pakati pa malabotale, amagwiritsa ntchito nambala yotchedwa ECL: palmitic amapatsidwa 16.00, margaric 17.00, ndipo ena onse amawerengedwa potengera amenewa. Iso wa makaboni 17 amagwera cha pa 16.5, anteiso cha pa 16.7. Msampha uli pomwepa. Pa mapaipi ena, monga CP-Sil 88, palmitoleic, amene ndi 16:1, amatuluka pafupifupi nthawi imodzi ndi anteiso-17:0, ndipo awiriwa amaoneka ngati chinthu chimodzi. Munthu wosadziwa amalemba zonse ngati 16:1. Pofuna kuwalekanitsa, amayendetsa ma ester pa galasi lopakidwa silica wosakaniza ndi silver nitrate. Siliva amagwira chilichonse chokhala ndi double bond, opanda double bond n'kuthamangira patsogolo. Chimene chatsalabe pa 16.7 m'gawo lakutsogololo si palmitoleic.

Komabe nthawi yotulukira si umboni wokwanira wa pamene nthambi ili. Umboni umachokera ku mass spectrometer, makina amene amaphwanya molekyulu n'kuyeza kulemera kwa zidutswa. Methyl ester saonetsa bwino malo a nthambi, n'chifukwa chake gulu la Wolff linagwiritsa ntchito picolinyl ester, mtundu wina wa ester wokhala ndi nayitrojeni. Nayitrojeni wa mu picolinyl amasunga chaji ya magetsi kumutu, unyolo n'kumaduka kaboni mmodzimmodzi kuchokera kumchira. Mu unyolo wowongoka zidutswa zimasiyana ndi 14, kulemera kwa kaboni mmodzi ndi mahaidrojeni awiri. Picolinyl ester wa asidi wathuyu amalemera 361. Kaboni wa kumchira akachoka patsala 346, wotsatira akachoka 332, kenaka nambala imalumpha kufika 304. Mpata wa 28 umenewo ndi kaboni wa nambala 14 akuchoka pamodzi ndi kanthambi kake. Akanakhala iso, mpatawo ukanaoneka sitepe imodzi m'mbuyo, pakati pa 346 ndi 318.

Gulu lachiwiri: owongoka mchira, achilendo pa nambala 5

Mu mafuta wamba, ma double bond amakhala motalikirana makaboni atatuatatu. Linoleic ali nawo pa 9 ndi 12, alpha-linolenic pa 9, 12 ndi 15, ndipo pakati pa awiri alionse pamakhala kaboni mmodzi yekha wopanda double bond. Mitengo ya mtundu wa paini ndi abale ake ili ndi enzayimu, puloteni yofulumizitsa ntchito ya m'selo, imene imaika double bond ina pa kaboni wa nambala 5, kutali ndi inzake. Chifukwa cha ichi gululi limatchedwa la delta-5. Ofufuza a ku Japan, Takagi ndi Itabashi, analilongosola mu njere za mitengo yambiri mu 1982.

Oleic akalandira double bond ya pa 5 amasanduka taxoleic, 18:2 wa pa 5 ndi 9. Linoleic amasanduka pinolenic, 18:3 wa pa 5, 9 ndi 12. Alpha-linolenic amasanduka coniferonic. Linoleic akatalikitsidwa kaye kufika makaboni 20, zotsatira zake ndi sciadonic, 20:3 wa pa 5, 11 ndi 14, ndipo alpha-linolenic wotalikitsidwa amapereka juniperonic, 20:4. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa awa amene ali ndi nthambi.

Kuchuluka kwake kumasiyana kwambiri. Paini wa ku Korea, Pinus koraiensis, ali ndi pinolenic pafupifupi 14 mpaka 15 peresenti. Wa ku Siberia, Pinus sibirica, amaposerapo pang'ono, Pinus sylvestris amafika cha m'ma 20, ndipo mitengo ya Larix imapitirira pamenepo. Koma Pinus pinea, paini wa m'maiko a Mediterranean amene njere zake zimalowa mu msuzi wa ku Italy wotchedwa pesto, ali ndi pinolenic wosafika 1 peresenti. Mitundu ya kumalo ouma a Mexico ndi kummwera chakumadzulo kwa United States, monga Pinus edulis, nayo ili ndi wochepa, oleic ndiye wambiri. Ndiye kungoti "mafuta a paini" sikukuuzani kuti muli pinolenic wochuluka bwanji. Muyenera kudziwa mtundu wa mtengo. Banja la Cupressaceae, limene muli mkungudza wa ku Mulanje, lili ndi kachitidwe kena: kumeneko ochuluka ndi a makaboni 20, sciadonic ndi juniperonic.

Chinthu china chimene chimabwerezeka mu mitengo imeneyi n'chakuti ma asidi a delta-5 sapezeka kwenikweni pa malo apakati a glycerol. Ambiri amakhala pa malo achitatu. Izi zimakhudza kagayidwe, chifukwa enzayimu ya m'matumbo mwathu imadula ma asidi a m'mbali, wapakati n'kutsala pa glycerol.

Pa mapepala a zotsatira pali kulakwitsa kumodzi koyenera kukudziwa. Pinolenic ali ndi maatomu ofanana ndi gamma-linolenic, amene ma double bond ake ali pa 6, 9 ndi 12, ndipo awiriwa amatuluka moyandikana mu makina. Labotale imene ilibe pinolenic weniweni woyerekezera itha kulemba dzina lolakwika. Pepala lodalirika limalemba manambala 5, 9, 12.

Phindu lake: kuzindikira mtengo

Ntchito yodziwika bwino ya ma asidi onsewa ndi kuuza munthu kuti njere kapena mafuta achokera ku mtengo uti. Wanthambi uja amaloza banja, pamene kagawidwe ka a delta-5 kamaloza gulu, nthawi zina ngakhale mtundu weniweni. Wolff ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za mitundu yambiri ya Pinus mu 2000, n'kuonetsa kuti kagawidwe ka ma asidi kamatsatira ubale wa mitengoyo.

Nzeru imeneyi inagwira ntchito pa vuto lina la ogula. Kuyambira cha m'ma 2008, ku Europe ndi ku United States kunachuluka madandaulo a anthu amene atadya njere za paini, patapita maola 12 mpaka 48, chakudya chilichonse chinkawawa mkamwa ngati chitsulo, ndipo zinkatha masabata awiri kapena kupitirira. Vutoli linatchedwa pine mouth. Njere zosenda za mitundu ina zimaoneka zofanana, choncho maso okha sankathandiza. Frédéric Destaillats ndi anzake a ku malo ofufuzira a Nestlé ku Switzerland anapanga nambala yoyerekezera: amaphatikiza taxoleic, pinolenic ndi sciadonic, n'kugawa ndi ma asidi wamba amene iwo amachokera. Mu 2011 anaonetsa kuti njere zodandaulidwazo zinali ndi Pinus armandii wa ku China, yekha kapena wosakanizidwa ndi mitundu ina. Tisasokoneze apa: ma asidi anathandiza kuloza mtengo, koma sanapezeke kuti ndiwo amawawitsa mkamwa. Chenicheni chimene chimayambitsa vutoli sichinatsimikizidwe.

Njira yomweyi imagwira mafuta osakanizidwa ndi ena. Wina akathira theka la mafuta a mpendadzuwa mu mafuta a paini wa ku Korea, mtundu ndi fungo sizisintha kwenikweni, linoleic amakhalabe wambiri, koma pinolenic amatsika kuchoka pa 15 kufika cha pa 7 kapena 8.

Nanga za thanzi?

Pa wanthambi uja masamu amayankha okha. Supuni yaikulu ya mafuta ndi magalamu pafupifupi 14. Pa 1 peresenti, mumapeza magalamu 0.14; pa 0.02 peresenti, mamiligalamu osakwana 3. Kapu ya mkaka wosachotsa mafuta, ya mamililita 250, ili ndi mafuta okwana magalamu 8 kapena 9, ndipo 2 peresenti yake ndi pafupifupi magalamu 0.17 a ma asidi anthambi. Kapu imodzi ya mkaka ikuposa supuni ya mafuta a paini amene ali ndi wochuluka kwambiri.

Pinolenic ndi nkhani ina, chifukwa supuni yomweyo ya mafuta a ku Korea ili ndi magalamu pafupifupi 2. Mu 2008 kafukufuku wa ku Netherlands pa amayi 18 onenepa osiya msambo anapeza kuti magalamu 3 a ma fatty acid ochokera mu mafutawa anakweza mahomoni awiri a m'matumbo, CCK ndi GLP-1, amene amauza ubongo kuti munthu wakhuta. Apa ndi pamene panachokera kutsatsa koti mafutawa amachepetsa njala. Kafukufuku wina wotsatira sanapeze kuti anthu amadya chakudya chochepa, ndipo mu 2011 bungwe la European Food Safety Authority linagamula kuti umboni wosonyeza kuti mafutawa ndiwo amakhutitsa sunakwane.

Sciadonic ndi wosangalatsa mwa njira ina. Ndi wofanana ndi arachidonic acid, 20:4 wa pa 5, 8, 11 ndi 14, kungoti alibe double bond ya pa 8. Thupi limapanga ma prostaglandin, timankhwala toyambitsa kutupa ndi ululu, kuchokera ku arachidonic, ndipo ntchitoyo imafuna double bond ya pa 8. Sciadonic amatha kulanda malo a arachidonic mu kachikopa ka selo koma sangasandulike prostaglandin. N'chifukwa chake akufufuzidwa pa nkhani ya kutupa. Umboni wambiri mpaka pano ndi wa pa maselo a mu labotale ndi pa mbewa. Wa pa anthu ndi wochepa ndiponso wa magulu aang'ono.

Chimene chilibe mkangano n'chakuti mafuta okhala ndi ma double bond ambiri chonchi sachedwa kuwonongeka. Amafuna botolo lakuda, lotsekedwa bwino, pamalo ozizira, ndipo si okazingira. Muyezo wa Codex Alimentarius, malamulo a zakudya a padziko lonse, wa mafuta ofinyidwa osatenthetsa umalola peroxide value, nambala yosonyeza mmene okosijeni walowera, kufika 15 basi.

Mitengo ya kuno

Banja la Pinaceae kwawo ndi kumpoto kwa dziko lapansi. Ndi Pinus merkusii yekha wa ku Sumatra amene amamera mwachilengedwe kummwera kwa equator. Paini amene tili naye ku Chikangawa, paphiri la Zomba ndi ku Dedza ndi wobwera. Pinus patula kwawo ndi ku Mexico, Pinus kesiya ndi wa ku Asia. Popeza ali m'gulu la Pinus, ali m'banja limene asidi wanthambi amapezeka. Koma izi sizikutanthauza kuti tili ndi mgodi wa mafuta. Njere za patula n'zazing'ono kwambiri, kilogalamu imodzi imakhala ndi njere zopitirira 100,000, pamene za Pinus pinea sizifika 2,000. Zimatoledwa kuti zikafesedwe ku nazale, ndipo njere zofesa nthawi zina zimakhala zothiridwa mankhwala, choncho si zodya.

Mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, ngakhale pa Chingerezi amautcha cedar, si wachibale wa Cedrus wa ku Lebanon kapena ku mapiri a Atlas. Uli m'banja la Cupressaceae, limodzi ndi Juniperus procera wa ku Nyika, banja limene woimira wake mu kafukufuku wa 1997, Juniperus communis, analibe asidi wanthambi.

Mbewu zathu zina zili ndi ma asidi achilendo a mtundu wina, ndipo nawo amasokonezedwa ndi anthambi. Pafupifupi 90 peresenti ya mafuta a nsatsi ndi ricinoleic, amene pa kaboni wa nambala 12 ali ndi okosijeni ndi haidrojeni, osati methyl. Mafuta a njere za malambe ndi za thonje ali ndi malvalic ndi sterculic, amene ali ndi kamkombero ka makaboni atatu pakati pa unyolo. Amenewa ndi amene amafuna chidwi pa chakudya, chifukwa amatsekereza enzayimu yosandutsa stearic kukhala oleic m'thupi la nyama. Nkhuku zoikira zikadya chakudya chokhala ndi mafuta a thonje osayenga ochuluka, choyera cha dzira chimatha kusanduka chapinki mazira akakhalitsa. Kuyenga mafuta pa kutentha kwakukulu kumaphwanya kamkombero kameneka, ndipo poyeza ku labotale amafuna njira ya sodium methoxide, popeza njira ya asidi imakaphwanya makina asanakaone.